Kathumba ka Pamimba

Galimoto ya kuntchito inalizanso hutala panja, koma agogo sanasunthe pachikwama chomwe anakhalira. M'katimo munali zovala zamphira zomwe mdzukulu wawo amavala akamamira m'nyanja yamchere kukatola tizilombo tofufuza.

"Agogo, tadzukani, anzanga andisiya."

"Akusiye. Madzi alibe nthambi, mwanawe. Zikavuta pansipo ugwira chiyani?"

Mtsikanayo anaseka mokakamiza, natenga kabotolo pawindo. "Taonani zomwe ndimakatenga. Kangalume ndani aka?"

Agogo anatsinzina diso limodzi. M'kabotolomo munali kachilombo kotuwa kosaposa chikhadabo, kamsana kamagawomagawo, miyendo isanu ndi iwiri mbali iliyonse.

"Kamakhala pansi penipeni, m'matope ndi kunsi kwa miyala. Aka n'kakakazi. Mazira kamasunga m'kathumba kapamimba apa, mpaka ana atuluke okha."

"Ndiye iwe unakavuula ndi ana ake omwe?"

"Ndi ntchito, agogo."

Agogo anayang'ana tiyi yemwe mtsikanayo anamusiya osalawa, ngati dzulo ndi dzana. Anayang'ananso batani la siketi lomwe linali litayamba kukana kutsekeka.

"Kameneka n'kwawo pansipo, ana ake anazolowera. Nanga wako uli nayeyo, wauza adokotala kuti ukukamira naye?"

Dzanja la mtsikanayo linathamangira pamimba lisanafunse mwini wake.

Hutala inaliranso, motalika. Agogo anakhazikika bwino pachikwamapo, napinda manja.

"Pita ukawauze azipita. Kapena ndituluke ndekha, ndikawauze chifukwa chake?"