Nsomba Zosowa M'thanki ya Cosmas

Lachinayi m'mawa nsomba zinasowanso ziwiri. Cosmas anaima kutsogolo kwa thanki yagalasi, chala chili pagalasipo, milomo ikugwedera powerenga. Ennie anali kumbuyo kwake ndi chokolopera, kudikira kuti munthuyo achotse nsapato zake zosongoka pamalo oti pakolopedwe.

Thankiyo inali m'chipinda chodyera cha loji ina ku Kakumbi. Azungu akatopa ndi kuona njovu ankakhala pamenepo n'kumayang'anitsitsa tinsomba tosakwana ndi m'kamwa mwa khanda momwe. Cosmas, manijala watsopano, ndiye anabwera nato kuchokera ku Lusaka m'majumbo a madzi, pamodzi ndi buku lazithunzi lonena za nsomba zimene zimakhalitsana bwino. Ankauza mlendo aliyense kuti anasankha mosamala: tofiira timasambira pamwamba, tamichira yaitali pakati, palibe koluma kanzake. Ati mudzi wamtendere.

Mtendere wa chiyani, Ennie ankadzifunsa. Zaka makumi awiri anatumbula nsomba za mwamuna wake ng'ona isanamutenge mu Luangwa, ndipo sanaonepo nsomba yowerenga buku. Nsomba imamvera kukula kwa kamwa lake basi. M'thankimo munali chinsomba china chamizeremizere, chophwatalala ngati mbale, chimene Cosmas ankachitcha mngelo. Ennie anangochiona maso n'kudziwa kuti wakupha ndi ameneyo. Anamuuza Cosmas Lolemba. Iye anayankha, osatembenuka n'komwe, kuti kuweta nsomba zamtunduwu sikufanana ndi kuvuula matemba padambo.

Ndiye Lachinayi lomwelo mwamuna wamabukuyo anapita kwa adona Margaret, eni loji, ndi nzeru yake yatsopano. Anati nsomba zimene iye anasankha sizingadyane, buku likukana. Anati zimasowa masiku amene Ennie wapukuta galasi, ndipo anthu a m'chigwa muno sasiya chilichonse chopuma. Adona anamuitana Ennie n'kumuuza mwaulemu wozizira kuti zikasowanso pofika Loweruka, asiye yunifolomu pakhomo.

Ennie anali ndi ana anayi ndi munda umene njovu zinakolola m'malo mwake. Ntchitoyo inali khasu lake lomaliza. Komabe pakamwa pake sipanagwade.

"Adona, tinsomba ta abwanawa ngakhale nditakazinga tonse, ndi mphaka yemwe angandiseke."

Lachisanu Cosmas anakhuthula chikwama cha Ennie pamaso pa operekera zakudya. Munatuluka chitenje, kachidutswa ka sopo ndi khadi la kuchipatala. Anagwedezabe chikwamacho chozondotsa, ngati nsomba zimabisala m'misoko. Ennie anamuyang'ana monga ayang'anira galu wofukula pamalo opanda fupa.

Loweruka zinasowa zitatu.

Cosmas anabwera ndi nkhope yowala ngati wapambana mlandu. Ennie sanamudikire kuti atsegule pakamwa. Anauza adona kuti yunifolomu avula, koma choyamba atsanule madzi onse m'thankimo, achotse mwala uliwonse, ndipo mngeloyo amutumbule aone zimene zili m'mimba mwake. Munthu sachotsedwa ntchito chifukwa cha buku. Adona anakana zotumbula, koma zotsanula anavomera.

Cosmas anapinda malaya monyansidwa. Anawola tinsomba totsala ndi kaukonde n'kutiika m'ndowa. Anazula udzu, anachotsa miyala umodziumodzi, uku akufotokozera adona dzina la chilichonse m'Chingerezi. Pomaliza ananyamula chigodo champhako chimene chinali pansi penipeni chikhalire thankiyo. Chinamulemera. Atachipendeketsa, munatuluka mlamba wonenepa ngati dzanja la munthu wamkulu, ndevu zili nyang'anyang'a. Unagwa pasimenti kuti phaa, n'kuyamba kukwawira kunsapato zosongoka zija. Cosmas anadumpha ngati waona njoka.

Kenako adona anamufunsa Cosmas kuti nsomba imeneyi ili patsamba liti la buku lake. Iye anachita chibwibwi. Anati mwina wogulitsa wa ku Lusaka anausakaniza m'majumbo uli waung'ono. Adona anati ndiye kuti munthu wosankha mosamala uja sanayang'ane n'komwe zimene anagula, ndipo miyezi yonseyi wakhala akuwerenga nsomba m'mawa uliwonse osadziwa kuti akuwerengera mlamba chakudya. Anamulamula kuti apepese pomwepo, pamaso pa anthu omwe aja anaonerera chikwama chikukhuthulidwa.

"Pepani, amayi," anatero Cosmas, maso ali pansi.

"Kwezani mawu, abwana. Pondinena kuti ndine wakuba simunanong'one."

Anabwereza mokweza. Operekera zakudya anabisa mano kuseri kwa mathileyi. Onse anayembekezera kuti tsopano Ennie amusambitsa chokweza, pakuti ku Kakumbi palibe amene sadziwa lilime lake. Koma iye anangowerama, n'kuugwira mlambawo kuseri kwa mutu kuti minga isamubaye, n'kunena kuti akautaya yekha. Anatuluka nawo msanga, osayang'ana munthu.

Mlambawo sunachokere ku Lusaka. Ennie anautola yekha pathawale kuseri kwa loji mvula itangoyamba, uli ngati chala cha mwana, n'kuuponya m'thankimo kuti uzidya litsiro la pansi, monga amachitira m'chitsime cha kwawo. M'mawa mwake sanauonenso, ndiye anangoti unafa.