Injini Iyambe Yatentha

"Dikira pang'ono, injini iyambe yatentha," anatero Osório, ali pa chiwongolero cha galimoto yake yakale yampikisano.

Mkazi wake Alda, wodwala pakati, anali atatsamira chitseko cha galimotoyo, chitenje chitanyowa mpaka m'miyendo. Nsupa inali itasweka, ndipo chisanu cha m'mawa wa Juni ku Sanjala chinkamulowa m'mafupa.

"Mwati chiyani?"

"Mphindi zisanu zokha. Turubo ya injiniyi ndakonzetsa mwezi watha. Ndikaithamangitsa oyilo ali wozizira, ipsanso."

Mayi ake a Alda, beseni lili m'manja, anasuzumira kumbuyo. Kunalibe mpando. Osório anauchotsa chaka chatha kuti galimoto ipepuke.

"Nanga ine ndikhala pati, apongozi?"

Osório anangokhazikika pampando wake. Maso ake anali pa kasingano kosonyeza kutentha kwa injini, kamene kanali kasanasunthe n'komwe.

Ululu wa kubereka unabweranso. Alda anapinda msana, n'kudziluma mlomo mpaka unadutsa. Kenako anamenyetsa chitseko.

"Usamenyetse choncho iwe!"

"Amayi, imitsani mota iyo," anatero Alda.

Wa motayo anaimitsa njinga yake yamoto pamsewu. Alda anakwera chammbali, mayi ake n'kumukumbatira kumbuyo.

"Alda, zatsala mphindi ziwiri!"

"Tsalani ndi mkazi mnzangayo," anatero Alda osacheuka. "Akuberekerani wanu. Kuchipatala ndisakuoneniko."

Mota inalowa m'fumbi.

Kasingano kanakwera pang'onopang'ono, n'kuima pakati penipeni. Osório anaponda mafuta kamodzi. Turubo inaimba mluzu wosalala bwino, koma pabwalo panalibe woumva wina.