Kulira kwa Mgolo

"Siyani mgolowo, bambo a ana, mulibe madzi!" mkazi wake anakuwa.

Mwini chitsime sanamumvere. Anapitiriza kumenya mgolo ndi chitsulo, monga ankachitira poitana ng'ombe kudzamwa. Moto wolusa unali utadula busa pakati, ndipo kuseri kwa motowo kunali ng'ombe zowonda za mlamu wake wamasiye, amene anakana kumugulitsa malo.

"Zili ndi ludzu, zidutsa pamoto pomwepo," anatero akuseka. "Tione ngati mawa akanenso kugulitsa."

Mu utsi munamveka mgugu. Ng'ombe zinatulukira zikuthamanga, ubweya ukuyaka, n'kumagwa imodziimodzi zisanafike pamgolo. Chitsulo chinamupulumuka m'manja. Ng'ombe zonsezo zinali ndi chizindikiro cha iye mwini pantchafu.

"Iwe, zathu si zili m'khola?"

"Ndinazitsekulira m'mawa. Zimalira njala," mkaziyo anayankha motsitsa mawu.

"Nanga za alamu zili kuti?"

"Izo, zikukwera phiri. Chilala chonsechi mwakhala mukuzikwapula zikangoyandikira pachitsime pano. Zathu zikamva mgolo zimati ndi madzi. Za alamu zimadziwa kuti ndi chikwapu."