Chidendene pa Chingwe

Mpira ndinauwakha bwinobwino, koma chidendene changa chinali chitaponda chingwe cha m'malire. Ndinachimva pansi pa nsapato. Pa kiriketi zikatero womenya mpira satuluka m'masewera, amangopata mapointi sikisi.

Woyimbira anali kutali. Mu ligi yathu ya amayi kuno ku Derbyshire amangofunsa wowakhayo, zimene wanena n'kukhala zomwezo.

Womenya anali Mayi Pauline Ogden a timu inayo. Asewera zaka makumi atatu osafikako pa mapointi fifite, ndipo apa anali pa fote sikisi.

"Iwe Kirsty, mwendo unali mkati?" anafuula, ali wefuwefu.

Anzanga anali akundithamangira kale, manja m'mwamba.

"Unali mkati, mayi."

Mayi Ogden sanamuyang'ane n'komwe woyimbira. Anavula magolovesi n'kudzera pamene ndinaima.

"Manja amenewo uwasamale, mwanawe. Ndikanakhala ine, bwenzi mano ali pansi!"

Pa nthawi ya tiyi, amuna awo, a Derek, anayamba kung'ung'udza kuti chingwe anachiona chikugwedezeka.

"Takhalani chete inu, magalasi munawaiwala m'galimoto," anatero Mayi Ogden. "Uyu ndi mtsikana uja anatukwana timu yake yomwe chaka chatha chifukwa chobera. Ameneyu anganame?"

Anthu anaseka. A Derek anachita manyazi, anaika kapu pansi, n'kubwera kwa ine atatambasula dzanja.

"Pepa, mwanawe. Ukalambatu uwu."

Ndinalandira dzanjalo.