Awa si bambo anga

Chibakera choyamba chinachokera kwa wogulitsa mabaluni, chachiwiri kwa mlonda wa pamalo osewerera ana. Amalume anagwa chagada, magazi ali chuchuchu m'mphuno.

"Wakuba ana uyu! Mumenyeni!" anakuwa mayi wina, akuwakwapula ndi ambulera.

"Ndi mwana wa mchemwali wanga, anthuni!" analira amalume, koma nsapato ya munthu inawatseka pakamwa.

Tsiku lonse anayenda nako bwinobwino kamnyamatako, kometetsa tsitsi mpaka kogula nsapato. Zinavuta atakanyamula pakatungwe kuti azipita kunyumba. Kanapalapata n'kukuwa kuti, "Thandizeni! Awa si bambo anga!"

Pamene apolisi ankabalalitsa gululo, ambulera inali itathyoka, malaya ali mbwandambwanda. Amalume anakhala tsonga movutikira n'kulavula dzino m'dzanja.

Kamnyamata kaja kanabwera kakunyambita aisikirimu amene mayi wa ambulera anakagulira pokatonthoza. Kanawasuzumira kumaso kotupako, kakumwetulira monyadira.

"Amalume, ndakhoza eti? Paja m'mawa munandiphunzitsa kuti munthu akandinyamula ndisakufuna ndizikuwa choncho. Kapena mawu anachepa, ndibwereze?"