Nzeru za ku Hotela

"Nzeru si zobisa, Gilford, ndi zogawana!" anatero Maxon akutsika minibasi ku Kawale, baji ya ku msonkhano ikadali lende pakhosi ngati mendulo.

Sabata yonse anali ku hotela, pa msonkhano wophunzitsa kusunga ndi kugawana nzeru pa ntchito. Anabwerako ndi chikwama chatsopano, masaya onona ndiponso manambala a mabwana oti mawa lomwe sadzamukumbukira n'komwe.

Gilford, mnzake wa ku ofesi yemwe anatsala akumugwirira ntchito, anamuperekeza mpaka pageti.

"Ndiye tigawireniko, achimwene. Mwaphunzirako zotani?"

Maxon anayang'ana uku ndi uku, n'kuchikumbatira chikwama chija.

"Iwe, ndikuuze kuti chaka chamawa bwana adzatumize iweyo?"