Kachala pa Galasi

"Siyani kaye zimenezo, bambo a mwana, mudye," anatero mayi ali kukhitchini.

Mwamuna wawo anali wokonza makamera. Chimwalirireni mwana wawo wamkazi kuntchito sankapitako, koma manja ake ankangofuna chogwira. Tsikuli anatsitsa kakamera kakale ka filimu kamene kankakhala pakabati, n'kukamasula patebulo. Batani lake linali litauma. Anachotsa fumbi ndi kaburashi, kudontheza mafuta pang'ono, n'kubwezera tizitsulo tonse m'malo mwake. Atadina, kanalira bwinobwino, koma mumtima mwake munangoti zii.

Kenako anaona kuti galasi lakutsogolo lada. Analiuzira mpweya, n'kulipukuta mozungulira ndi kansalu kofewa mpaka linawala.

Mayi aja analowa ndi mbale, n'kuima chilili.

"Mwapukuta?"

"Panali chidindo cha chala. Chikanawononga zithunzi."

Mayiwo anaika mbale patebulo pang'onopang'ono.

"Kanali kachala ka mwana. Anagwirapo inu mutachoka, ndiye anandipempha kuti ndisakuuzeni, kuopa kuti mumukalipira. Ndimabwera kudzakaona m'mawa uliwonse."

Bamboyo anapita pawindo, n'kumatembenuza galasilo uku ndi uku. Chiyambireni ntchitoyi, anali asanayeretsepo galasi chotere. Anatambasula kansalu kaja n'kukayang'anitsitsa mbali zonse, koma nakonso sikanaonetse kanthu.

Anabwerera pampando wake, n'kukhala.

"Ikujambula tsopano," anatero.